Kodi ndilembe ntchito architect pa nyumba za lendi?

FUNSO: Ndimagwira ntchito ku Johannesburg ndipo ndinagula poloti ku Area 49 mumzinda wa Lilongwe, pomwe ndikufuna kumangapo nyumba zitatu zochititsa lendi. Achimwene anga, omwe akundiyang'anirira zonse kumudziko, akuti kulipira architect n'kutaya ndalama chifukwa mmisiri amene anamanga nyumba ya amalume angathe kujambula yekha pulani. Kodi nditani? — Mayi wina, Johannesburg

YANKHO: Mayi, achimwene anu sakunama kuti mmisiri waluso amayala njerwa mowongoka, koma nyumba zitatu pa poloti imodzi zimafuna munthu woona patali njerwa yoyamba isanaikidwe. Architect, yemwe ndi katswiri wa mapulani a nyumba, amaona kaye komwe madzi a mvula azidzalowera, pomwe septic tank ikumbidwe kuti galimoto yopopa izidzafikapo, ndiponso ngati khomo la banja lina silidzapenyana ndi bafa la anzawo. Zinthu zotere zimaoneka zazing'ono papepala, komatu ndi zomwe zimasamutsa ochita lendi, nyumba n'kukhala miyezi yopanda munthu.

Palinso lamulo. Malinga ndi Physical Planning Act ya 2016, pulani iyenera kuvomerezedwa ntchito isanayambe, ndipo kwa inu imeneyi ndi nkhani ya ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe. Chomangidwa popanda chilolezo chikhoza kugwetsedwa. Onetsetsaninso kuti amene mwamusankhayo analembetsa ku Board of Architects and Quantity Surveyors, pakuti si aliyense wojambula nyumba yokongola pa kompyuta amene ali architect.

Koma chachikulu, m'kuona kwanga, ndi chakuti inu muli kutali. Pulani yokha sikutetezani. Pemphani kuti pakhalenso BOQ, chikalata chomwe quantity surveyor amawerengeramo matumba a simenti, zitsulo, malata, matabwa ndi zina zonse zofunika. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zipangizo inakwera nthawi yomweyo. Mukakhala ndi BOQ, mitengo ikasintha mumadziwa kuti chakwera ndi mtengo wa thumba, osati chiwerengero cha matumba. Popanda chikalatachi, uthenga wa pa WhatsApp wakuti "simenti yatha, tumizani ina" mulibe poutsutsira.

Akatswiri ena amangojambula, kulandira malipiro awo, basi osaonekanso. Choncho mgwirizano wanu ukhale wolembedwa, ndipo unene kuti architect adzafika pamalopo maziko asanakwiriridwe, khoma likafika pawindo, pothira ring beam (lamba wa konkireti womanga makoma onse pamwamba) ndi pokhoma denga. Ndalama ya gawo lotsatira muzitumiza iye akatsimikiza, ndi zithunzi zomwe, kuti gawo lapitalo lamangidwa monga mwa pulani. Ngati mukulingalira zodzawonjeza nyumba yosanja m'tsogolo, nenani panopa kuti injiniya akonzeretu maziko oyenera.

Za achimwene anu, musawachotse pa ntchitoyi. Asunge makiyi a mosungira zipangizo, alandire katundu ndi kulemba chilichonse cholowa ndi chotuluka, koma zoti konkireti yakwanira kapena ayi azinena katswiri. Mmisiri wa amalumeyo angathenso kumanga, bola apatsidwe pulani yovomerezeka m'manja ndipo adziwiretu masiku amene architect azidzabwera ndi tepi yake kudzayeza.