Yankho: Zimene Gulu la 2/4th Anti-Tank Regiment la Australia Linachita ku Malaya

Achimwene, mwafunsa ngati gulu lophwanya akasinja la 2/4th Anti-Tank Regiment linamenyadi nkhondo pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, popeza mwangomva kuti linagwidwa ukapolo ndi asilikali a Japan ku Singapore. Linamenya ndithu, ndipo kunena kuti linangogonja n'kulilakwira.

Gululi linakhazikitsidwa mu 1940 pansi pa 8th Division, gulu lalikulu la asilikali a Australia, ndipo mu 1941 ambiri mwa asilikali ake anatumizidwa ku Malaya (komwe lero ndi gawo la dziko la Malaysia), pamene ena anatsalira ku Australia. Kugawidwa kumeneku kunalifooketsa nkhondo isanayambe n'komwe.

Mbiri yake yaikulu ili pa Bakri, kufupi ndi tauni ya Muar ku Malaya. M'mawa wa pa 18 Januwale 1942, akasinja a Japan a mtundu wa Ha-Go anabwera mondondozana pamsewu wodutsa m'minda ya mitengo ya rabala, popanda asilikali oyenda pansi owateteza. Mizinga iwiri ya gululi yophwanyira akasinja, ya mtundu wa 2-pounder, inali itatcheredwa m'mbali mwa msewuwo. Popeza chitsulo cha akasinjawo chinali chopyapyala, zipolopolo zoboola zinkangotulukira mbali ina osawaimitsa, choncho asilikali anayamba kuwombera zipolopolo zophulika, ali pafupi kwambiri. Sajeni Clarrie Thornton anavulala, koma sanachoke pamzinga wake. Akasinja osachepera 8 anawonongedwa tsikulo, ngakhale kuti mkulu wa 2/29th Battalion, gulu la asilikali oyenda pansi a Australia limene mizingayo inkathandiza, anali atanena kuti mizingayo sakuifuna.

Singapore itagwa pa 15 Febuluwale 1942, otsalawo anatsekeredwa kumsasa wa akaidi wa Changi ku Singapore komweko, ndipo ambiri anakagwiritsidwa thangata pomanga njanji ya Burma ndi Thailand, kumene ena anafa ndi njala komanso matenda.