Mafunso a owerenga: Kodi wodwala korona amapatsira anzake kwambiri masiku ati?

Funso: Amuna anga amagwira ntchito ku Johannesburg. Atabwera kudzationa anafika ndi kachimfine kosadetsa nkhawa, kukhosi kukungokanda pang'ono, choncho anacheza m'nyumba ya amayi anga mpaka usiku ndipo Lachisanu anapita kumzikiti. Patapita masiku anayi anawapeza ndi korona, kenako amayi nawonso anadwala. Sabata yachiwiri bambowo anayamba kubanika mpaka anagonekedwa m'chipatala, ndipo m'pamene abale onse anayamba kuwaopa. Patatha masabata atatu anawayezanso, makina n'kuonetsa kuti kachirombo kakadalipo, koma achipatala anati apite kunyumba poti sangapatsirenso munthu. Kodi zimenezi zikugwirizana bwanji?
Mayi wa ku Namwera

Yankho: Mayi, pepani ndi matenda amene anagwa pakhomo panu, ndipo tikuthokoza kuti bambo anachira. Zimene achipatala anakuuzani n'zoona. Chimene chakusokonezani n'chakuti tonse timaganiza kuti munthu akadwalitsitsa ndiye kuti tizirombo tachuluka m'thupi mwake, pamene pa matenda a Covid-19 zinthu ziwirizi siziyendera limodzi. Tizirombo timafika pachimake koyambirira, munthu akuyenda ndi kuseka ndi anzake, ndipo kudwalika kwenikweni kumabwera pambuyo, chiwerengero chake chitayamba kale kutsika.

Kachirombo ka SARS-CoV-2, kamene kamayambitsa Covid-19, kakapumidwa kamakakamira m'maselo a m'mphuno ndi kukhosi n'kuyamba kuswana. Tsiku loyamba tizirombo timakhala tochepa moti ngakhale makina a kuchipatala sationa. Mu 2021 akatswiri a ku London anadonthezera kachiromboka m'mphuno mwa achinyamata athanzi 36 amene anadzipereka okha, ndipo mwa iwo 18 anakatengadi. Mwa amene anatengawo, kachirombo kanayamba kuoneka kukhosi pasanathe masiku awiri, kenako kanachuluka mofulumira m'mphuno mpaka kufika pachimake cha pa tsiku lachisanu. Pa mitundu yoyamba ya korona, zizindikiro zinkayamba patapita masiku asanu kapena asanu ndi limodzi munthu atatenga, koma mtundu wa Omicron, umene unadziwika kum'mwera kwa Africa mu Novembala 2021, unafupikitsa nthawiyi kufika pa masiku atatu okha. Mukayika ziwerengerozi pamodzi muona kuti nthawi yoopsa kwa anthu oyandikira wodwala imayamba tsiku limodzi kapena awiri iye asanamve kalikonse, n'kupitirira mpaka cha pa tsiku lachisanu la zizindikiro. Usiku uja bambo anacheza m'nyumba ya amayi anu, zitseko ndi mawindo zili zotseka, ndi umene mpweya wawo unanyamula tizirombo tambiri. Musawaimbe mlandu, chifukwa munthu amene kukhosi kukungomukanda alibe njira yodziwira zimenezi.

Si makorona onse amene amachita chomwechi, ndipo kusiyanaku n'kumene kunapangitsa kuti Covid-19 ikhale mliri wa dziko lonse. Matenda a SARS, amene anabuka ku China mu 2002, tizirombo take tinkafika pachimake cha pa tsiku la 10, wodwala ali kale pabedi la m'chipatala, choncho kupatula odwala kunali kokwanira kuwathetsa atagwira anthu pafupifupi 8,000. Matenda a MERS, amene anapezeka mu 2012 ku Saudi Arabia ndipo amachokera kungamira, nawonso amachulukitsa tizirombo mochedwa, makamaka mkati mwa mapapo osati m'mphuno. Kachirombo kamene kanapezeka koyamba kuno ku Malawi pa 2 Epulo 2020 kanali kosiyana ndi anzakewo chifukwa kamachoka mwa munthu asanadziwe kuti akudwala.

Nanga n'chifukwa chiyani bambo anabanika sabata yachiwiri? Inu a ku Namwera mukudziwa kuti mvula ikagwa kumapiri a Namizimu, madzi amadzasefukira kumadambo mvulayo itakata kale. Chimodzimodzinso m'thupi. Chitetezo cha m'thupi chikadzuka chimapha maselo amene agwidwa, ndipo chiwerengero cha tizirombo m'mphuno chimayamba kutsika sabata yoyamba ikamatha. Mwa anthu ambiri nkhani imathera pomwepo. Koma mwa ena, makamaka okalamba, odwala shuga, othamanga magazi ndi onenepa kwambiri, nkhondoyi imapyola muyezo: mapapo amatupa, timatumba tolandirira mpweya timadzaza timadzi, ndipo pakati pa tsiku la 7 ndi la 10 munthu amayamba kupuma movutikira. N'chifukwa chake mankhwala amaperekedwa motsata masiku. Mankhwala olimbana ndi kachirombo kenikeniko, monga Paxlovid, amathandiza akayambidwa m'masiku asanu oyambirira a zizindikiro, pamene dexamethasone, amene akatswiri a ku Oxford anatsimikiza mu Juni 2020 kuti amapulumutsa miyoyo, amaziziritsa kutupa ndipo amathandiza okhawo amene afika pofuna mpweya wa okosijeni. Kumwa dexamethasone wogula pagolosale tsiku loyamba la chimfine n'kufooketsa asilikali a m'thupi pa nthawi imene akufunika kwambiri.

Apa pali chinthu chimene chimandiwawa mtima. Mabanja ambiri amakumbatira wodwala masiku amene akanayenera kumupatula, n'kumuthawa masiku amene akufunika munthu womuyang'anira kapumidwe, womupatsa madzi ndi womuthamangitsira kuchipatala. Sindikunena kuti wodwalitsitsa alibiretu tizirombo, chifukwa mwa odwala kwambiri tamoyo timatha kupezeka mpaka masiku 20, ndipo womusamalira ayenerabe kuvala masiki ndi kutsekula mawindo. Koma mantha a sabata yachiwiri asamachititse kuti munthu wobanika agone yekha m'chipinda.

Tsopano za kuyeza kwa sabata yachitatu kuja. Makina a PCR safufuza kachirombo kamoyo, amafufuza tizidutswa ta chibadwa chake. Amatenga zimene kathonje katola m'mphuno n'kumaziwirikiza kawiri pa ulendo uliwonse, mpaka maulendo pafupifupi 40. Ngati tizirombo tinali tambiri, chizindikiro chimaoneka msanga, mwina pa ulendo wa 20. Ngati tinali tochepa, chimadzaoneka cha pa ulendo wa 35. Nambala imeneyi achipatala amaitcha Ct, ndipo ikakhala yaing'ono ndiye kuti tizirombo n'tambiri. Kusiyana kwa maulendo 10 kumatanthauza kusiyana kwa kuchuluka pafupifupi ka 1,000. Tizidutswa ta kachirombo kakufa timatha kutsalira m'mphuno kwa masabata angapo, mwa ena mpaka miyezi itatu, monga mamba a chambo amene amatsala pamchenga nsombayo itadyedwa kale. Akatswiri akayesa kumeretsa kachirombo kuchokera mwa anthu amene sanadwale kwambiri, kawirikawiri sikameranso pakadutsa masiku 9 kapena 10 chiyambireni zizindikiro. Apa m'pamene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatsamira polangiza kuti wodwala abindikire masiku 10, ndiponso kuti pasamadikiridwe kuti PCR ichite kuonetsa kuti mulibe kanthu.

Funso: Mwana wanga wasukulu anayezedwa ndi kachipangizo kachangu koyezera korona tsiku limene anayamba kutentha thupi, n'kupezeka alibe. Patapita masiku awiri anapezeka nako. Kodi kachipangizo koyamba kanali kowonongeka?
Mphunzitsi wa ku Malindi

Yankho: Aphunzitsi, n'kutheka kuti kanali kabwinobwino. Kachipangizo kachangu sikawirikiza kanthu monga PCR, kamangogwira mapuloteni a kachirombo amene alipo pa kathonjeko, choncho kamaonetsa mzere wachiwiri pokhapokha tizirombo titachuluka. Mwa munthu amene anabayitsa katemera kapena anadwalapo kale, thupi limazindikira mdani msanga n'kuyamba kutentha tizirombo tisanafike pachimake, ndipo zikatero zizindikiro zimatsogola, mzere n'kudzabwera pambuyo. Mwana amene ali ndi zizindikiro koma wapezeka alibe akhale kaye pakhomo, ayezedwenso pakapita masiku awiri.

Funso: Ndine msodzi, ndipo ndakhala ndikumwa ma ARV kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Kuchipatala amandiuza kuti viral load yanga siikuoneka. Kodi viral load ya korona ndi yomweyi, ndipo kodi mankhwala angawa anganditeteze?
Bambo wa ku Monkey Bay

Yankho: Bambo, mawuwo ndi amodzi, ndipo onse akunena za kuchuluka kwa tizirombo, koma kayendedwe kake n'kosiyana. Ya HIV imayezedwa m'magazi, imasintha pa miyezi ndi zaka, ndipo imakhala pansi malinga ngati mukumwa mankhwala mwandondomeko. Ya korona imayezedwa m'mphuno ndi kukhosi, imakwera ndi kutsika m'masabata awiri okha, ndipo chimene chimaitsitsa ndi chitetezo cha thupi lanu. Ma ARV sapha kachirombo ka korona, choncho musawadalire ngati chishango. Komabe amakuthandizani m'njira ina yaikulu, chifukwa asilikali a CD4 akakhala okwanira thupi limachotsa korona pa nthawi yofanana ndi ya munthu wina aliyense. Chitetezo chikagwa zinthu zimasintha: ku KwaZulu-Natal madokotala analemba za mayi wina amene HIV yake inali isakugonja ku mankhwala, ndipo anakhala ndi korona m'thupi masiku 216, kachiromboko kakusinthasintha mwa iye, mpaka pamene anamusinthira ma ARV m'pamene kanatha. Choncho musadumphitse mankhwala ngakhale mwapita kukagona kudoko lakutali masabata angapo. Ndipo nyengo ya mwera ikafika, pamene chimfine chimayendayenda ndipo asodzi mumagona mothinana m'zisakasa, mnzanu akayamba kuyetsemula ndi kudandaula kukhosi musadikire kuti agone kaye. Masiku asanu oyambawo agone payekha pamalo opita mphepo, ndipo sabata yachiwiri muzimuyang'ana ngati akutha kumaliza chiganizo osapumira pakati. Akayamba kulephera, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo.