Musamange mwendo ndi mphira, thamangirani kuchipatala

Achimwene, munthu akalumidwa ndi njoka kumunda musamumange mwendo ndi mphira, ngakhale chipatala chitalikire chotani. Mukhazikeni pansi, mumuvule nsapato ndi chilichonse chothina, mumangirire kamtengo m'mbali mwa mwendowo mosathinitsa kuti usamagwedezeke. Kenako mumunyamule pa kabaza kapena ngolo. Asayende wapansi.

Mphiri, ija timaipeza pansi pa mikukwe nthawi yokolola, ululu wake umaononga mnofu. Mukamanga zolimba magazi amasiya kuyenda ndipo mwendo umafulumira kuola. Kwathu kuno ku Kasungu ndinaonapo mnyamata atamangidwa chotero usiku wonse. Kutacha phazi linali bii, lozizira, zala osamva kanthu. Kutema mphini ndi kuyamwa pabala sikuchotsa ululu, kumangoonjezera bala ndi kutaya nthawi. Njokayonso isiyeni, ingalume wina.

Chipatala chaching'ono chapafupi ndi poyambira, adzakutumizani ku chipatala chachikulu paboma ngati pakufunika mankhwala olimbana ndi ululu wa njoka. Mukaona zikope zikulemera, dovu likutuluka kapena akubanika popuma, auzeni adokotala pomwe mwangofika, musaime pamzere.