Wina h-index yake ndi 58, wina 11: ndisankhe uti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa namwino wina wa ku Mchinji yemwe amathandiza amayi ku sikelo. Akufuna kuchita digiri ya masters, ndipo kafukufuku wawo adzakhala wa matenda ovutika maganizo mwa amayi amene angobereka kumene. Akatswiri awiri avomera kuwayang'anira. Woyamba ndi pulofesa wa ku Ulaya wodziwa za ubongo, ndipo pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti losonyeza mapepala a kafukufuku, h-index yake ndi 58. Wachiwiri ndi dokotala wa matenda a maganizo wa konkuno, wa h-index ya 11. Alemba kuti: "Anzanga akuti pamenepa palibe chofunsa, nditenge wa 58. Kodi nambala imeneyi imanena chiyani kwenikweni, ndipo ndiikhulupirire?"

Achemwali, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Tiyambe ndi nambalayo. Anaiyambitsa ndi Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa ku yunivesite ya California ku San Diego, mu 2005. Mawerengedwe ake ndi osavuta. Dokotala wanu wa 11 ali ndi mapepala 11 a kafukufuku omwe lililonse latchulidwa ka 11 kapena kuposa m'mapepala a anthu ena. Pulofesayo ali ndi mapepala 58 otchulidwa ka 58 kapena kuposa. Basi. Munthu amene walemba mapepala asanu okha, ngakhale lililonse litatchulidwa ka 1,000, h-index yake ndi 5. Komanso nambalayi sitsika chifukwa choti munthu wasiya ntchito. Munthu atha kupuma, kapena kumwalira kumene, nambala yake n'kumakwerabe. Ndiye musanayerekeze awiriwa, onani chaka chimene aliyense anatulutsa pepala lake loyamba. Ngati wina anayamba mu 1992 ndipo mnzakeyo mu 2015, kusiyana kwakukulu komwe mukuonako ndi zaka chabe. Onaninso kuti nambala zonse ziwiri mwazitenga malo amodzi, chifukwa Google Scholar imawerenga ndi zolemba za ophunzira zomwe, choncho nambala yake imakhala yokwera kuposa ya Scopus, tsamba lina lowerengera nambala yomweyi.

Koma chimene ndikufuna muchimvetse kwambiri n'chakuti kutchulidwa sikutanthauza kuti zomwe munthu anapeza n'zoona. Wa ku Kasungu aliyense amene anaperekezako fodya ku Chinkhoma amadziwa kuti kuchuluka kwa mabelo ndi nkhani ina, giredi ndi nkhani inanso. H-index imawerenga mabelo.

Ndipo pa nkhani za maganizo ndi ubongo, zitsanzo zake n'zopweteka. Mu 2003, Avshalom Caspi ndi anzake anatulutsa pepala m'magazini ya Science, lochokera pa kafukufuku wa ku Dunedin ku New Zealand. Linanena kuti kachigawo kena ka DNA kotchedwa 5-HTTLPR kamachititsa anthu ena kudwala matenda ovutika maganizo mosavuta akakumana ndi mavuto. Pepalali latchulidwa kambirimbiri, ndipo ambiri anapezera pomwepo madigiri ndi ndalama za kafukufuku. Mu 2019, Richard Border ndi gulu lake anaunika nkhaniyi pa anthu mazana a zikwi, ndipo sanapeze umboni woikira kumbuyo zimenezo. Palibe amene anaba kapena kunama apa. Anthu amene anayezedwa poyamba anali ochepa pa funso lalikulu chonchi, ndipo vutoli n'lofala: mu 2013 Katherine Button ndi anzake anasonyeza kuti kafukufuku wambiri wa za ubongo amachitika pa anthu kapena nyama zochepa kwambiri moti zotsatira zake n'zosadalirika.

China n'choipa kuposa apo. Mu 2001 panatuluka pepala la kafukufuku wodziwika kuti Study 329, lonena kuti mankhwala a paroxetine amathandiza achinyamata ovutika maganizo ndiponso kuti sawavuta m'thupi. Madokotala analikhulupirira, ochita kafukufuku analitchula. Mu 2015 akatswiri ena anaunikanso zolembedwa za odwala omwewo n'kufalitsa zomwe anapeza m'magazini ya zachipatala ya BMJ: mankhwalawo sanapose mapiritsi opanda mankhwala, ndipo maganizo ofuna kudzipha anali ochuluka mwa omwe ankamwa paroxetine. Aliyense amene amalemba zotsutsa pepala la 2001 lija amayenera kulitchula, ndipo kompyuta imangowonjezera pa nambala ya olemba ake. Siisiyanitsa woyamikira ndi wodzudzula. Ngakhale pepala la mu 2006 la matenda oiwalitsa a Alzheimer, lomwe magazini ya Nature inalichotsa mu 2024 zitadziwika kuti zithunzi zake zinasinthidwa, linali litatchulidwa kale koposa ka 2,000.

Sindikunena kuti pulofesa wanu ali m'gulu limeneli ayi. H-index ya 58 siibwera munthu akugona. Ndikungoti nambalayo payokha singakuuzeni.

Pali chinanso chomwe chimapondereza anthu athu. Kutchulidwa kumadalira kuchuluka kwa anthu amene akulemba pa mutu womwewo. Amene amajambula ubongo ndi makina a MRI kapena kufufuza za DNA ali ndi anzawo ambirimbiri ku America, ku Ulaya ndi ku China, onse otchulana. Mapepala ena a m'magulu akuluakulu, monga a Psychiatric Genomics Consortium kapena a Global Burden of Disease, amakhala ndi olemba mazanamazana, ndipo aliyense amalandira kutchulidwa konse ngati kuti analemba yekha. Nanga wolemba za amayi a ku Mkanda kapena ku Kapiri amutchula ndani? Mu 2001, Vikram Patel ndi Athula Sumathipala anawerenga mapepala a m'magazini asanu ndi limodzi otchuka a matenda a maganizo, n'kupeza kuti 6 okha pa 100 alionse anali ochokera kumadera komwe kumakhala anthu oposa 90 pa 100 alionse a dziko lapansi. Zinthu zasinthako, koma osati kwambiri. Pamene Robert Stewart ndi anzake anayesa mafunso a SRQ a m'Chichewa, ounikira mavuto a maganizo, pa amayi a ku Thyolo, ntchito yomwe inatuluka mu 2009, sanalembere anthu a ku Boston. Koma inu mukadzakhala pansi ndi mayi wa khanda la milungu isanu ndi umodzi, ntchito ngati imeneyo ndi imene idzakhale m'manja mwanu.

Za impact factor ndingodutsapo. Imeneyo ndi nambala ya magazini, osati ya munthu. Inachokera kwa Eugene Garfield, ndipo imaona kutchulidwa kwa mapepala a zaka ziwiri zapitazo. Chikalata cha ku San Francisco chotchedwa DORA, chomwe chinakonzedwa mu 2012, chimapempha mayunivesite kuti asamaweruze munthu potengera nambala imeneyi. Pepala la mu Malawi Medical Journal litha kukhala lolimba kuposa lina la m'magazini ya dzina lalikulu.

Ndiye muchite chiyani? Tsegulani PubMed, tsamba lofufuzira mapepala a zachipatala, n'laulere, mulembe dzina la aliyense ndipo muone mapepala a zaka zisanu zapitazi zokha. Pa zachipatala, dzina loyamba pa pepala kawirikawiri limakhala la amene anagwira ntchito yambiri, ndipo lomaliza limakhala la wamkulu amene anayang'anira. Fufuzani mapepala omwe katswiri wanuyo ali kumapeto ndipo koyambirira kuli wophunzira. Ngati alipo angapo, ndiye kuti ana ake a sukulu amamaliza ndipo ntchito yawo imatuluka m'dzina lawo. Kwa pulofesa wa ku Ulayayo, onetsetsani mapepala amene anachitikira mu Africa muno: kodi Amalawi kapena Azambia ali koyambirira, kapena anangowaponya pakati ngati otolera mayankho? Chizolowezi chimenechi chilipo ndithu, ndipo chimaonekera pa mndandanda wa mayina. Lowetsaninso mayina a akatswiri awiriwa pa Retraction Watch, tsamba lolondoloza mapepala amene magazini anawachotsa, kuti muone ngati pali pepala lawo lomwe linachotsedwa. Kenako sankhani mapepala awiri kapena atatu a aliyense muwawerenge, makamaka gawo lofotokoza m'mene kafukufukuyo anachitikira: anthu anali angati, anawapeza bwanji, mafunso anali m'chinenero chanji.

Mukamaliza, lemberani ophunzira awo akale awiri, ma imelo awo amakhala pa mapepala pomwepo. Afunseni kuti mkuluyo amatenga nthawi yaitali bwanji kuti abweze chaputala.

Mwafunsa maganizo anga, ndiye ndinena. Kwa kafukufuku wa amayi a ku sikelo ku Mchinji, ine ndingatsamire kwa dokotala wa 11, pokhapokha ngati mutapeza kuti palibe wophunzira wake amene anamalizapo. Iye akudziwa m'mene chilolezo cha kafukufuku chimayendera kuno, kaya ku komiti ya COMREC kapena ya NHSRC, zomwe zimavomereza kafukufuku wa zaumoyo, ndipo akudziwa komwe mungatumize mayi amene mwamupeza akuganiza zodzipha mkati mwa mafunso anu, chifukwa zimenezo zidzachitika. Pulofesayo musamutaye. Mayunivesite ambiri amalola oyang'anira awiri, choncho mufunseni ngati angakhale wachiwiri, wothandiza pa masamu a kafukufuku ndi kalembedwe ka pepala. Funsani kusukulu kwanu ngati zimenezi n'zololedwa musanamulembere.