Mabuku ochititsa nthumanzi a nkhani za m'chipatala: muyambire pati?

Namwino wina wanditumizira imelo. Akuti amagwira ntchito usiku, ndipo odwala akagona amafuna buku lothamangitsa tulo. Akufuna nkhani zopeka zoimitsa mutu zochitikira m'chipatala, koma wolembayo akhale wodziwa ntchito, chifukwa akangoona jakisoni akubayidwa polakwika, bukulo amalitseka.

Achemwali, mabuku amene nditchule onse ndi a Chingerezi, ndipo ambiri olemba ake ndi madokotala. Langizo langa ndi loti musathamangire nkhani za chigawenga cha mpeni chobisala kuseri kwa chitseko. Zomwe zimaopsa zenizeni ndi zija zoti wodwala wasaina pepala, wagonekedwa, ndipo anthu amene wawakhulupirira ndi omwewo akumupangira chiwembu.

Yambani ndi Coma, buku la Robin Cook la 1977. Cook ndi dokotala wa maso. Nkhani yake ndi ya Susan Wheeler, mtsikana wophunzira udokotala pa chipatala china chopeka ku Boston, amene akudabwa kuti anthu athanzi obwerera opareshoni yaing'ono sakutsitsimuka. Atafufuza m'mafayilo akupeza kuti onse anadzera m'chipinda chimodzi cha opareshoni, nambala 8. Mabwana akumuuza kuti asamale maphunziro ake, zinazo si zake. Kenako akufika pamalo otchedwa Jefferson Institute, pomwe anthu okomokawo amawasunga atalenjekeka m'malere pa mawaya, mizeremizere, makina akuwapumitsa. Chifukwa chowasungira mukachipeza nokha. Chingerezi cha Cook n'chouma, ndipo momwe amuna amamuyankhulira Susan mwina zikukwiyitsani, koma dongosolo la chipatala amalidziwa: yemwe amasunga makiyi, yemwe amaopedwa, ndi momwe wamng'ono amatsekedwera pakamwa. Filimu yake ya 1978 anaiwongolera Michael Crichton.

Crichton yemweyo, akadali pasukulu ya udokotala ku Harvard, analemba A Case of Need mu 1968 pa dzina lobisa la Jeffery Hudson, ndipo bukulo linapata mphoto ya Edgar, yomwe imaperekedwa ku America kwa olemba nkhani za upandu ndi zofufuza. Mwana wamkazi wa dokotala wotchuka wamwalira, ndipo dokotala wina wamangidwa pomuganizira kuti anamuchotsa pathupi, nthawi imene lamulo linkaletsa. Mnzake woyeza mitembo ndiye akufufuza. Mawu ovuta a zachipatala amawamasulira m'munsi mwa tsamba, koma inu simusowa zimenezo.

Pa luso lolemba, Tess Gerritsen amamuposa Cook kutali. Gerritsen anagwirapo udokotala ku Hawaii. Mu Harvest, buku la 1996, mtima umodzi ukulimbiranidwa ndi odwala awiri, mnyamata wamba ndi mkazi wa mpondamatiki. Dokotala wachitsikana Abby DiMatteo akuthandiza kuti mtimawo upite kwa mnyamatayo. Posakhalitsa mtima wina ukupezekera mayi uja, mapepala ake osalongosoka. Wachokera kuti? Ili ndi limene ndikuganiza kuti mulimaliza msanga.

Pano ndipatuke pang'ono. Coma ndi Harvest zimakhudza malonda a ziwalo za anthu, ndipo kuno kwathu mphekesera zotere si zosewera nazo. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inaphetsa anthu m'maboma a kummwera monga Mulanje ndi Phalombe, azaumoyo nawonso n'kumayenda mwamantha. Ndiye pofotokozera anzanu nkhaniyi musachitire pafupi ndi odikirira odwala, ndipo wodwala amene mawa akulowa opareshoni musamubwereke bukulo.

Outbreak la Cook, la 1987, lonena za Ebola yobuka m'zipatala za ku America, liwerengeni ngati mwalipeza motchipa pa mabuku a kaunjika. Mukawerenga awiri kapena atatu a Cook mumayamba kulota woipa musanafike pakati.

Lomwe ndimalilemekeza kuposa onse wolemba wake sanali dokotala. Ndi The Constant Gardener la John le Carré, la 2001. Tessa Quayle waphedwa pafupi ndi nyanja ya Turkana ku Kenya, ndipo mwamuna wake Justin, wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa Britain ku Nairobi, akutsata mapazi ake mpaka kupeza kuti kampani ina ikuyesera mankhwala atsopano a TB pa anthu osauka ndi kubisa imfa zawo. Mankhwalawo, Dypraxa, ndi opeka, koma funso loti wodwala wadindadi chala akumvetsa zimene wavomera mumakumana nalo pantchito. Bukuli limayamba mwakachetechete, masamba oyambirira ali odzaza ndi akazembe ndi miseche yawo, choncho pa 2 koloko usiku likhoza kukugonetsani. Limenelo lisungireni tsiku lopuma, ku wodi mutenge Harvest.