Mabanja khumi, makasu anayi: tiyambire pati?

FUNSO: A Mlangizi, ndife mabanja khumi oyandikana nyumba. Mnzathu wina watibwereka malo amene akungokhala kuti tilimepo dimba la tonse. Tili ndi makasu anayi, wilibala imodzi ndi makeni awiri basi. Ena akuti tidikire mpaka titasonkha ndalama za pampu. Ine ndikuopa kuti tikadikira anthu agwa ulesi. Tiyambire pati? Ndine mayi wa ana atatu.

YANKHO: Zikomo mayi. Za pampu zisiyeni kaye. Makasu anayi ndi okwanira, chifukwa tsiku loti mabanja onse khumi abwere nthawi imodzi silidzafika, ndikhulupirireni.

Musanagwire khasu, khalani pansi ndi mwini malo mulemberane: mwabwereka zaka zingati, ndipo akafuna malo ake adzakuuzani kutatsala miyezi ingati. Dimba langa loyamba la gulu linathera pamenepa. Tinathira manyowa chaka chathunthu, nthaka itafewa mwini wake n'kukumbukira kuti akufuna kumangapo.

Kenako werengerani madzi, chifukwa kukula kwa dimba kumachokera ku madzi, osati ku malo. Masamba ambiri amafuna madzi okwana malita 25 pa sikweya mita imodzi sabata iliyonse, ndipo kukatentha amafuna oposa apo. Bedi la mita 1.2 m'lifupi ndi mamita 5 m'litali ndiye kuti likumwa malita 150, kapena kuti makeni 15 a malita 10. Mabedi khumi, makeni 150 pa sabata. Mwaiona ntchitoyo? N'chifukwa chake ndikuti banja lililonse liyambe ndi bedi limodzi lokha. Mita 1.2 ija si yongopeka: dzanja limafika pakati kuchokera mbali zonse ziwiri, munthu osaponda pa bedi. Sankhani pamene dzuwa limawomba maola 6 kapena kuposerapo, ndipo phimbirani mabediwo ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe msanga.

Apa ena sagwirizana nane, koma ndinena. Musalime bedi la "tonse". Chinthu cha tonse aliyense amayesa kuti mnzake wathirira kale. Bedi likhale ndi mwini wake, ndipo za tonse zikhale mpanda, nazale, mulu wa kompositi ndi zipangizo. Zimenezi ikani pa ndandanda, mabanja awiri sabata iliyonse, mayina alembedwe poonekera. Gwirizananinso lero lomwe, anthu akadali kusekerana, kuti bedi losiyidwa masabata atatu popanda chifukwa lipatsidwa kwa wina.

Kompositi yambani tsiku loyamba: unjikani mosanjikiza zomera zouma, zaziwisi, ndowe pang'ono, madzi, mobwerezabwereza. Mukamatembenuza imapsa pa miyezi iwiri kapena itatu. Ndowe zaziwisi musathire pa mbewu, zimawotcha mizu.

Mbewu zake? Kabichi ndi tomato fesani pa nazale, muwokere pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Karoti ndi nyemba fesani pa bedi pomwepo. Karoti akawokeredwa amapindika. Pochita kasinthasintha kumbukirani kuti tomato, tsabola, mabiringanya ndi mbatatesi ndi pachibale, matenda awo ndi amodzi, choncho asatsatizane pa bedi limodzi. Pamene mwachotsa tomato bzalani nyemba, mizu yake imathandiza kubwezeretsa chonde.

Makeni awiriwo alembeni ndi penti, ndipo azigona nyumba imodzi yodziwika.