Nyali zija musazichotse pa Enigma yanu

Achimwene, mwafunsa ngati pa Enigma (makina obisa uthenga posinthanitsa zilembo) imene mukupanga ndi kabolodi ka kompyuta ka Arduino mungaike sikirini imodzi yoonetsa uthenga wonse m'malo mwa nyali 26, poti mawaya achuluka. Ine ndikuti nyalizo zikhalepo.

Makina a Enigma amene asilikali a ku Germany ankagwiritsa ntchito pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse sankalemba kanthu. Munthu akadina chilembo, nyali ya chilembo china inkayaka, akachotsa chala inkazima, ndipo mnzake wapambali ndiye ankakopera papepala zilembo zisanuzisanu. Munthu akadina A katatu n'kuona nyali zitatu zosiyana zikuyaka, wamvetsa kale ntchito ya makinawo musanamufotokozere. Azionanso yekha kuti A satulutsa A ngakhale adine tsiku lonse, chofooka chimene chinathandiza kwambiri katswiri wa masamu Alan Turing ndi anzake ku Bletchley Park, malo a ku Britain kumene ankamasulira mauthenga obisika a Germany. Pa sikirini zonsezi zimabisika. Za mawaya musadandaule: ma LED a WS2812 amalumikizana mondondozana, onse 26 n'kudya pini imodzi yokha.

Mabatani ndi nyali muziyale ngati pa makina enieni: QWERTZUIO pamwamba, ASDFGHJK pakati, PYXCVBNML pansi. Manambala palibe, batani losiyira mpata palibenso.

Pofunika kusamala kwambiri ndi pa timawindo titatu toonetsa chilembo chimene mawilo atatu osinthanitsa zilembo aimapo. Apa tisikirini ting'onoting'ono tingagwire ntchito. Wilo lakumanja liziyamba lasuntha, kenako nyali iyake, chifukwa ndi mmene zinkachitikira. Mabatani otchipa amadumphadumpha, mukadina kamodzi Arduino imawerenga kawiri, wilo n'kusuntha kawiri, ndipo uthenga wonse kuchokera pamenepo wawonongeka. Muuze pulogalamu kuti idikire pang'ono isanavomereze kudina kwina, ndiponso ikane batani lachiwiri pamene loyamba lidakali pansi. Musaiwale khalidwe la wilo lapakati losuntha kawiri motsatizana: ndi mawilo I, II, III, kuchokera pa ADU muyenera kuona ADV, AEW, kenako BFX.

Kusankha mawilo atatu mwa asanu ndi kutchera mphete zake za zilembo kunkachitika munthu atatsegula chivundikiro, ndiye inunso muzibise kuseri kwa switch yakeyake kuti wina asazisinthe mwangozi ali mkati molemba. Bolodi lakutsogolo losinthanitsa zilembo, ngati thumba likulola, muikepo mawaya enieni khumi. Kulowetsa waya ndi dzanja kumaphunzitsa kuposa kusankha pa sikirini.

Chimodzi chokha chimene ndingawonjezere, chomwe makina akale analibe, ndi batani lobwezera mawilo pamene anayambira, kuti wolakwitsa ayambirenso msanga.

Mukamaliza, ikani mawilo I, II, III, reflector B (gawo lobweza magetsi kudzera m'mawilo), mphete ndi timawindo zonse pa AAA, opanda waya kutsogolo, mudine A kasanu. Nyali zikayaka B, D, Z, G, O, mutijambulire tione.